Chishalo cha Kavalo wa Mapewa Otambalala

Mawu akuti chishalo akamveka kuno ku Malawi, maganizo a anthu ambiri amathamangira ku njinga. Zimenezi n'zosadabwitsa, pakuti akavalo m'dziko muno ndi owerengeka. Kuyambira kalekale ntchentche ya kashembe, pamodzi ndi nthenda ina yoopsa ya akavalo imene imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, zakhala zikuletsa chiwetochi kuswana m'madera ambiri a chigawo chino cha Africa. Komatu pakati pa chishalo cha njinga ndi chishalo cha kavalo pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Cha njinga chili ndi mwini mmodzi yekha woti chimkondweretse, ndiye wokwerayo, popeza chitsulo chimene chili pansi pake sichimva kuwawa. Cha kavalo chili ndi eni awiri, wina pamwamba, wina pansi. Wapamwambayo ndiye amasankha, ndiye amalipira ndalama, ndiyenso ali ndi mawu odandaulira. Wapansiyo amangosenza.

Kuyanjanitsa eni awiriwa ndi ntchito yovuta pa kavalo aliyense, koma imavuta koposa kavaloyo akakhala wa mapewa otambalala ndi msana wobulungira ngati mgolo. Ku Britain, kumene kukwera kavalo ndi masewera a anthu zikwizikwi, si chachilendo kumva za munthu amene wagula zishalo ziwiri kapena zitatu, chilichonse pa mtengo wokwera, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chakhazikika. China chimatsetserekera kukhosi, china chimapendekera kumbali munthu akangoponda chopondera kuti akwere, china chimaoneka ngati chakhala bwino koma patapita miyezi kavalo wayamba kukana kuti amumange.

Akavalo oterewa ali ndi mbiri yawo. Welsh Cob wa ku Wales, Highland wa ku mapiri a Scotland, Fell wa kumpoto kwa England ndi Haflinger wa ku mapiri a South Tyrol, onsewa makolo awo anali antchito: ankakoka ngolo, ankalima, ankasenza katundu m'njira za miyala. Alimi amene ankawaweta ankafuna chifuwa chachikulu, khosi lolimba ndi miyendo yaifupi, popeza zimenezi ndizo zimakoka. Makina atalanda ntchito ya kumunda m'zaka za m'ma 1900, akavalowa anasanduka okwerapo, ndipo anthu anawakonda kaamba ka kufatsa ndi kupirira kwawo. Amene anaonerera maliro a Mfumukazi Elizabeth II pa 19 September 2022 mwina akukumbukira kakavalo kakuda, dzina lake Emma, kataima m'mphepete mwa njira ku Windsor, chishalo chili pamsana popanda wokwera. Kameneko ndi ka mtundu wa Fell. Tsono tsoka lake n'lakuti chishalo cha Chingelezi, monga chikudziwikira lero, chinakulira pamsana pa kavalo wa mtundu wina, wowonda m'mbali ndi wa msana wosongoka, wa mpikisano wothamanga ndi wosakira nkhandwe.

Kuti munthu amvetse chimene chimavuta, ayenera kuyamba wadziwa mamangidwe a phewa la kavalo, ndipo apa pali chinthu chodabwitsa. Munthu akagwira m'munsi mwa khosi lake apeza fupa lopingasa, limodzi kumanja, lina kumanzere, limene limalumikiza phewa ndi chifuwa. Kavalo alibe fupa limeneli. Palibe fupa lililonse lolumikiza miyendo yake yakutsogolo ku thunthu la thupi. Chifuwa chonse chimalendewera pakati pa miyendo iwiriyo pa minofu yokhayokha, monga ankalendewera munthu wonyamulidwa m'machila. Chifukwa cha ichi fupa la phewa, limene ndi lophwatalala ngati khasu ndipo lagona mopendeka pamwamba pa nthiti, lili ndi ufulu woyenda. Kavalo akatambasulira mwendo kutsogolo, nsonga ya pamwamba ya fupalo imabwerera kumbuyo, kulowera kumene kuli chishalo. Mwendo ukabwerera, nalonso limabwerera pamalo pake. Nsongayo si fupa louma ayi, koma kafupa kofewa konga ka m'khutu. Izi zimachitika pa phazi lililonse limene kavalo aponda, kambirimbiri pa ulendo umodzi. Motero phewa limene munthu amaliona kavalo ataima m'khola si phewa limene chishalo chidzakumana nalo panjira.

Pamwamba pa mapewa, pamene khosi lathera, pali kachitunda kamene munthu wozolowera ng'ombe angakatche linunda. Koma linunda la ng'ombe ndi nyama ndi mafuta, pomwe la kavalo ndi minga yaitali ya mafupa a msana, yokutidwa ndi khungu ndi kanyama kochepa. Pamenepa ndipo amayezera msinkhu wa kavalo, ndipo muyeso wake ndi dzanja, limene ndi mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10. Kavalo wothamanga linunda lake ndi lalitali ndi lopyapyala, choncho limagwira chishalo ngati chikhomo, osachilola kuzungulira. La kavalo wotambalala limamira m'minofu ndi m'mafuta, mwakuti chishalo chimasowa pogwira. Kumbuyo nakonso kuli malire. Kavalo ali ndi nthiti 18 mbali iliyonse, ndipo kupitirira nthiti yomaliza kuli chiuno, chimene chilibe chochichirikiza ndipo sichinalengedwe kuti chisenze munthu. Malo a chishalo, tsono, ndi kadera kochepa, koyambira kumbuyo kwa phewa kulekeza pa nthiti yomaliza. Phewa likakula, kaderako kamachepa.

Nanga m'kati mwa chishalo muli chiyani? Kunja kumaoneka chikopa chosalala, koma m'kati muli chimango cholimba chimene Angelezi amachitcha tree, ndiye kuti mtengo, popeza kuyambira kale chimapangidwa ndi matabwa, makamaka a mtengo wa beech, olimbitsidwa ndi chitsulo. Masiku ano ena amachiumba ndi pulasitiki. Ntchito ya chimango ndi kutenga kulemera kwa munthu, kumene kukanagwera pa mafupa ake awiri okhalira, n'kukugawa pa malo otakasuka, ndiponso kusunga mpata pamwamba pa fupa la msana kuti lisakhudzidwe. Pansi pa chimango pali mitsamiro iwiri yaitali, umodzi mbali iyi, wina mbali inayo, yodzazidwa ndi ubweya wa nkhosa, ndipo pakati pake pali ngalande yoti msana upumiremo. Kutsogolo chimangocho chapindika ngati denga, ndipo miyendo iwiri ya dengalo imatsikira m'mbali mwa linunda.

Denga limenelo ndilo gwero la mlandu wonse. Mmisiri womanga nyumba amadziwa kuti denga la udzu limafuna kuimirira kuti madzi atsike msanga, pamene la malata limatha kugona. Chimango cha kavalo wowonda chili ngati denga la udzu. Cha kavalo wotambalala chiyenera kugona ngati la malata, kapenanso kupindika ngati uta. Denga loimirira likaikidwa pa kavalo wonga mgolo, nsonga zake ziwiri zokha ndizo zimagunda, ndipo zimatsina minofu ya kumbuyo kwa phewa ngati zala ziwiri zachitsulo. Kutsogolo kwa chishalo kumakwera m'mwamba, wokwera amatsetserekera kumbuyo, ndipo kulemera kwake kumakathera ku chiuno kuja. Ululu wina kutsogolo, wina kumbuyo. Koma chimango chotambalala mopyola muyeso nacho n'choipa chimodzimodzi: chimagwera pansi kutsogolo mpaka chitsulo chikhudza mafupa a linunda, uku kumbuyo kukunyamukanyamuka ngati chivundikiro cha mphika wowira.

Apa ndi pamene ogula ambiri amaphonya. Poona kuti kavalo wawo ndi wamkulu mapewa, amapita kukafuna chishalo cholembedwa kuti n'chotambalala kwambiri, ngati munthu wogula malaya m'sitolo. Amaiwala kuti opanga zishalo sanagwirizane muyeso umodzi, kotero kuti chimene fakitale ina ikuchitcha chotambalala, inzake ichitcha chapakatikati. Koma chachikulu chimene amaiwala n'chakuti chishalo sichikhala pa phewa. Chimakhala kumbuyo kwake. Alipo akavalo a mapewa aakulu zedi amene kumbuyo kwa phewa kuli kokumbika, makamaka okalamba, kapena amene anavalapo chishalo chothina mpaka minofu inafota. Kavalo wotere akampatsa chimango chotambalala chifukwa cha phewa lake, chimangocho chimagwera m'dzenjemo n'kukatsamira phewa lomwelo limene amafuna kulipulumutsa, ndipo fupa lija likamabwerera kumbuyo limagunda chitsulo. Chimene iye afuna ndi chimango chogwirizana ndi malo enieni amene chikhale, mitsamiro yokhuthala kutsogolo yodzaza dzenjelo, ndi nsonga zokhotera kunja kapena kumbuyo kuti phewa lizidutsa pansi pa chikopa chofewa chokha. Kutambalala kwa phewa ndi kutambalala kwa msana ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Amene anaphunzira zimenezi mowawa koposa ndi asilikali. Munthu wokwera kavalo pongosangalala akaona chilonda amapumitsa chiweto chake mpaka chipole. Gulu la nkhondo silingatero. Frederick Smith, dokotala wa ziweto m'gulu la nkhondo la Britain, analemba buku lathunthu m'zaka za m'ma 1890 lonena za zishalo ndi zilonda za pamsana, koma phunzirolo linadzamveka bwino pa nkhondo ya ku South Africa ya pakati pa Angelezi ndi Mabunu, kuyambira 1899 mpaka 1902. Pa nkhondo imeneyo mbali ya Britain yokha inataya akavalo oposa 300,000. Si zipolopolo zimene zinapha ambiri mwa iwo, koma njala, matenda, kutopa ndi katundu wopyola mphamvu zawo. Akavalowo ankabwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku Britain, Argentina, America, Australia ndi Hungary, aliyense ndi msana wake, pomwe zishalo zinali zopangidwa zambirimbiri pa miyeso yowerengeka. Ndiponso kavalo amene anatsika m'sitima ali ndi thupi, patapita milungu yochepa ya njala anali atasanduka wina. Chishalo chimene chinkamukwana pa doko chinkamucheka linunda kuthengo. Kavalo wa chilonda pamsana, ngakhale miyendo yake ikhale yamphamvu chotani, sakwereka, ndipo msilikali wake wasanduka woyenda pansi.

Buku la asilikali lotchedwa Animal Management, limene linatuluka mu 1908, linaika malamulo amene amisiri akuwatsatabe mpaka lero: linunda lisatsinidwe kapena kupanikizidwa, mzere wa msana usakhudzidwe, phewa liziyenda momasuka, chiuno chisasenze kanthu, ndipo kulemera kugawike mofanana pa nyama imene yakuta nthiti. Mu 1912 asilikaliwo anatulutsanso chishalo cha mbali zokhala ndi mahinjesi onga a chitseko, zotha kupendeka zokha kuti zitsate msana kavalo akanenepa kapena akaonda.

Lero ntchito yosankha chishalo ili ndi akatswiri ake. Tauni ya Walsall, pafupi ndi Birmingham, yakhala likulu la zishalo ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1800, kotero kuti ngakhale timu yake ya mpira imatchedwa The Saddlers, kutanthauza osoka zishalo. Bungwe la Society of Master Saddlers, limene linakhazikitsidwa mu 1966, limalembetsa mayeso anthu ofuna kukhala oyeza zishalo. Kagwiridwe ka ntchito ka woyeza wabwino n'koyenera kukalongosola, chifukwa zida zake zoyambirira n'zapafupi kwambiri: maso, manja, choko, waya ndi pepala.

Iye sayamba ndi chishalo. Amayamba waimika kavalo pamalo osalala, miyendo yonse inayi italunjika bwino, n'kumuyang'ana kuchokera kumbali ndi kumbuyo. Amakweranso pa kampando kuti aone msana kuchokera pamwamba, pakuti akavalo ambiri phewa limodzi limakula kuposa linzake. Kenaka amapapasa mpaka apeze m'mphepete mwa fupa la phewa, nalembapo ndi choko. Wina akanyamula mwendo wa kavalo n'kuukokera kutsogolo, woyezayo amamva fupalo likuyenda pansi pa zala zake, ndipo amalembanso pamene lafika. Pa kavalo wonenepa ntchito imeneyi si yapafupi, popeza fupa limabisala. Kumbuyo amatsata nthiti yomaliza kufikira pamene yakumana ndi msana, naikaponso chizindikiro. Atatero amatenga waya wofewa wosunga mapindikidwe, namuyala mopingasa msana, zala ziwiri kapena zitatu kumbuyo kwa phewa, namukanikiza kuti atsate thupi, namunyamula mosamala n'kujambula mpindiko wake pa pepala. Amabwereza chimodzimodzi pakati pa msana, cha kumbuyo, ndiponso motsata msanawo m'litali mwake. Mapepala amenewo amalembedwa tsiku n'kusungidwa, chifukwa ndiwo adzaulule m'tsogolo ngati kavalo wasintha.

Tsopano ndi pamene zishalo zimatuluka m'galimoto. Chilichonse amachiika pamsana popanda nsalu pansi, cha kutsogolo pang'ono, n'kuchikankhira kumbuyo motsata ubweya mpaka chikaime chokha pamalo pake. Mwa njira, anthu ambiri ali ndi chizolowezi chomanga chishalo patsogolo kwambiri, ndipo zishalo zina zimene zatayidwa kuti n'zoipa zinalibe mlandu wina koma umenewo. Woyezayo amayang'ana ngati miyendo ya denga lija yagona mofanana ndi thupi la kavalo. Amalowetsa dzanja pansi pa mtsamiro n'kuliyendetsa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kufuna kumva ngati pali pothina kapena pali mpata. Chishalo chogunda kutsogolo ndi kumbuyo kokha, pakati pali mphako, amati chachita mlatho, ndipo kulemera konse kumagwera pa nsonga zinayi. Chogunda pakati pokha chimayendayenda ngati bwato pa mafunde. Amaonanso ngati zala zingalowe pakati pa linunda ndi chishalo, pamwamba ndi m'mbali momwe, ndipo akaima kumbuyo kwa kavalo kuwala kuzioneka m'ngalande muja. Kavalo wotambalala kawirikawiri amafuna ngalande yotakasuka ndi mitsamiro yopyapyala yophwatalala, kuti wokwera akhale pafupi ndi msana, osati m'mwamba ngati mtolo wosanjikidwa pa mgolo.

Zonsezi ndi chiyambi chabe. Chishalo chimene chapambana kavalo ataima chiyenera kuyesedwanso munthu ali pamwamba, kavalo akuyenda, akuthamanga, akukhota kumanja ndi kumanzere, pakuti pogwira ntchito msana umakwera, minofu imatukuka, ndipo phewa limabwerera kumbuyo. Woyeza amene amagulitsa chishalo asanaone kavalo akuyenda nacho ali ngati telala wosoka buluku poyang'ana chithunzi. Wokwera akatsika, woyezayo amachotsa chishalo n'kuwerenga zimene zalembedwa pa ubweya: ngati wagona bwino kapena wasokonekera, ngati thukuta lanyowetsa mofanana mbali zonse. Kadera kouma pakati pa thukuta n'kokayikitsa, chifukwa pamene papanikizika kwambiri thukuta limalephera kutuluka.

Pali mdani wina amene ambiri samuganizira, ndiye lamba wa pamimba. Lamba ameneyu amafunafuna yekha malo opapatiza a chifuwa, ndipo pa kavalo wa mimba yaikulu malowo ali kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi zigongono. Lamba akathawira kumeneko amakoka chishalo kuti chimtsate, mpaka chakwera pa phewa, ngakhale chimango chikhale cholondola chotani. Mwini poona chishalo chikuyenda amangomangitsa lamba, kavalo n'kumavutika, khungu la m'khwapa n'kusupuka. Mankhwala ake si mphamvu ayi. Amisiri amasokerera kalamba kena kutsogolo, pa nsonga ya chimango, kuti lamba atsike molunjika. Ena amagwiritsa ntchito lamba wokhota wolambalala chigongono. Ndipo pa tiakavalo tobulungira ta ana amamanga chingwe chachikopa chochokera kumbuyo kwa chishalo kukakoleka kunsi kwa mchira.

Cholakwa china chofala, chimene chimachokera mumtima wachifundo, ndi kuyala bulangeti lokhuthala pansi pa chishalo chothina. Munthu wotero ali ndi maganizo a nkhata, imene imapeputsa mtsuko pamutu. Koma nkhata imathandiza chifukwa pamwamba pa mutu malo alipo. Pansi pa chimango chothina malo palibe, ndipo chilichonse chowonjezedwa chimangothinitsa. Mwana wa sukulu amene nsapato zamuchepera sapeza mpumulo povala masokosi awiri. Nsalu yokhuthala ili ndi ntchito pamene chishalo chatakasuka pang'ono, monga kavalo akaonda, ndipo ngakhale pamenepo ndi yongodikirira mmisiri. Alimi a kuno amene amasenzetsa abulu matumba akhoza kutolapo kanthu, ngakhale sanaonepo chishalo cha ku Walsall. Thumba la chimanga logonekedwa mopingasa pamsana pa bulu limatsamira fupa la msana lenilenilo, ndipo chingwe chopyapyala cha nayiloni chimacheka. Mitsamiro iwiri ya udzu wokulungidwa m'masaka, uku ndi uku, yosiya ngalande pakati, ndiyo nzeru yomweyo imene ili m'chishalo cha ndalama zambiri.

Chishalo chikapezeka, nkhani siinathe. Akavalo a mitundu ija ya m'mapiri anazolowera kukhala ndi moyo pa msipu wosauka. Akaikidwa pa udzu wobiriwira wa m'chigwa amanenepa msanga, ndipo nyengo yozizira ikafika amaondanso. Kavalo wamng'ono msana wake umakulabe mpaka zaka 6 kapena kuposerapo. Ubweya wa m'mitsamiro nawo umatsenderezeka n'kuchita mibulu. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti chishalo chizionedwanso pafupifupi miyezi 6 iliyonse, mmisiri n'kuwonjezera kapena kuchotsa ubweya kudzera m'timipata tobisika pansi pa chikopa. Pofuna kuthana ndi vutoli opanga ena, monga a Wintec a ku Australia, amapanga zishalo zimene chitsulo chake cha kutsogolo chimamasulidwa n'kuikapo china chotambalala kapena chopapatiza. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma ili ndi malire amene ogula sayenera kuwaiwala: chitsulocho chimasintha denga lokha, pomwe kupindika kwa chimango chonse m'litali mwake kumakhala momwemo. Palinso zishalo zopanda chimango, zimene eni akavalo obulungira ambiri amathawirako atatopa ndi kufunafuna. Zimenezi sizitsina phewa, n'zoona. Koma popanda chimango kulemera kwa munthu ndi kukoka kwa zopondera kumasonkhana pa malo ochepa, ndipo pa kavalo wopanda linunda sizichedwa kuzungulira. Zimathandiza ena, makamaka okwera opepuka, koma si yankho la aliyense.

Kodi nanga wapansi uja amadandaula bwanji, poti mawu alibe? Kavalo salira akamva kuwawa monga achitira galu. Amalankhula ndi thupi. Akaona chishalo chikubwera amagoneka makutu, amatembenuka kuti alume, amagwetsa msana munthu akamakwera. Panjira amafupikitsa mapazi akutsogolo, amapunthwapunthwa, amakana kutsetsereka mtunda chifukwa potsika ndi pamene chishalo chimagwera pa phewa. Amakweza mutu, amakupiza mchira, mwinanso n'kudumpha kuti amgwetse munthuyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti zonsezi anthu amazitcha mwano kapena ulesi, ndipo akavalo otambalalawa, amene ali kale ndi mbiri ya liuma, sachedwa kulandira chikoti. Dokotala wa akavalo Sue Dyson wa ku England, pamodzi ndi anzake, anafalitsa mu 2018 mndandanda wa zizindikiro 24 zooneka pa kavalo wokweredwa, nasonyeza kuti kavalo woonetsa 8 kapena kuposerapo mwa zimenezi kawirikawiri ali ndi ululu m'thupi.

Dyson yemweyo, ndi mnzake Line Greve, anali atapezanso mu 2013 chinthu chofunika kuchidziwa kuti chishalo chisanamiziridwe mlandu uliwonse. Chishalo chikamapendekera mbali imodzimodzi nthawi zonse, kawirikawiri vuto lili ku mwendo wakumbuyo umene ukutsimphina mobisika. Iwo atapha ululu wa mwendowo ndi jekeseni, chishalo chinaleka kupendeka pa ambiri mwa akavalowo. Choncho mwini amene wasintha zishalo zitatu koma zonse zikugwera kumanzere afunika dokotala, osati chishalo chachinayi.

Chowawa kunena ndi ichi: nthawi zina chishalo choyenera eni onse awiri sichipezeka konse. Kavalo wotambalala amaoneka wamphamvu, motero amakopa okwera athupi, koma ambiri mwa akavalowa msana wawo ndi waufupi. Munthu wamkulu amafuna chishalo cha mainchesi 18; kadera kaja ka pakati pa chizindikiro cha kuphewa ndi cha nthiti yomaliza mwina kangalandire cha mainchesi 16 okha. Mmisiri akhoza kufupikitsa mitsamiro, akhoza kuphwatalitsa pokhala kuti pakule pang'ono, koma sangawonjezere nthiti. Woyeza woona mtima amauza mwiniyo poyera kuti iye ndi kavalo wakeyo sakuyenerana, ngakhale akudziwa kuti potero wataya malonda, mwinanso ndi ubwenzi womwe. Wadyera amagulitsa chishalo chokwana munthuyo, popeza ndiye wagwira chikwama.

Zotsatira zake zimaoneka mochedwa. Pamene chimango chakhala chikupanikiza kwa miyezi, magazi sayenda bwino, minofu imafota, ndipo timizu ta ubweya timataya mphamvu yopanga mtundu. Chilonda chikapola, kapena ngakhale popanda chilonda chooneka, pamamera ubweya woyera, timadontho tiwiri, kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo, kumbuyo kwa mapewa pamene nsonga zija zinkatsina. Chishalo chikasinthidwa minofu ikhoza kubwerera kavalo akamagwira ntchito bwino, koma ubweyawo kawirikawiri subwereranso mtundu wake mpaka imfa. Ogula akavalo odziwa ntchito yawo, akatha kuyang'ana mano ndi ziboda, amayendetsanso dzanja pamalo amenewo, ndipo akapeza timadonthoto amafunsa za chishalo chimene kavaloyo ankavala.